Ntchito zachitukuko m'mudzi: ndani amalipidwa, ndani amangodzipereka?

Ku Mitundu, ku Kasiya, ku Nathenje ngakhale ku Nkhoma, mfumu ikalengeza pamaliro kuti Lachitatu aliyense abwere ndi ndowa kudzatuta mchenga wa buloko ya sukulu, anthu asanabalalike wina amakhala atafunsa kale: "Kodi kuli kangachepe?" Akuluakulu ena funsoli limawanyansa, amati ana a masiku ano ndi aulesi. Koma wofunsayo sanangolota. Mwezi wathawu mlamu wake wa kutsidya anagwira ntchito yooneka chimodzimodzi, khasu lomwelo, dzuwa lomwelo, ndalama n'kumulowera pa foni. Mayi wina amalawira kukaphika phala la ana kusukulu osalandira ngakhale sopo, pomwe mnzake anaitanidwa ku maphunziro a masiku atatu ku tauni n'kubwerako ndi chitenje, T-sheti ndi envulopu.

Chisokonezo chagona poti zonsezi timangoziti "zachitukuko", chikhalirecho ndi ntchito zosiyana. Iliyonse ili ndi mwini wake, kumene inachokera, ndi malamulo ake pa nkhani ya malipiro. Ukazilekanitsa, mikangano ya pabwalo la mfumu imayamba kumveka, ngakhale siithera pomwepo.

Ntchito ya pachibale: dima ndi maliro

Yakale kuposa zonse ndi yothandizana pachibale. Munthu akakhala ndi munda woti upaliridwe msanga, kapena denga loti lifoleredwe mvula isanagwe, ankafulula mowa kapena thobwa n'kuitana anzake. Imeneyo ndiyo dima. Ndalama panalibe, koma sikunali kugwira ulere, pakuti aliyense ankadziwa kuti tsiku lake likadzakwana, anthu omwewa adzatulukira kumunda kwake ndi makasu. Dima inachepa chifukwa ganyu analowa m'malo mwake, koma pamaliro mwambowu udakali wamoyo. Adzukulu amalawira kumanda, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, anyamata amatumidwa ndi uthenga kumidzi ina, ndipo palibe amafunsa kuti alandira zingati. Wojomba maliro a anzake amadziwa chomwe chidzamuonekere zovuta zikadzagwa pakhomo pake: m'midzi ina adzukulu sagwira khasu kufikira atapereka nkhuku.

Mipingo inamanga pa maziko omwewa. Amayi a Chigwirizano a Sinodi ya Nkhoma, miphakati ya Akatolika, amayi a dawa a Chisilamu, onsewa amazonda odwala, kusesa kuchipatala, kuchezera pamaliro ndi kumangira nkhalamba chimbudzi popanda wowalemba ntchito.

Chomwe chimagwirizira ntchito ya mtundu uwu n'chakuti wothandiza ndi wothandizidwa amadziwana, ndipo mawa amasinthana malo. M'mitundu ina yomwe ikubwerayi, chimenechi n'chimene chimasowa.

Ntchito yolamulidwa: thangata ndi Youth Week

Nthawi ya atsamunda, anthu okhala pa maesiteti a azungu ku Chiradzulu, Zomba, Thyolo ndi Mulanje ankakakamizidwa kugwira ntchito kwa mwini malo m'malo molipira lendi. Imeneyi ndiyo thangata. Nkhanza zake pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali chimodzi mwa zomwe zinadzutsa John Chilembwe mu Januwale 1915, ndipo lamulo linaithetsa mu 1962. Thangata wa mtundu umenewu anali makamaka wa kummwera, osati wa kuno ku Lilongwe, koma mbiri yake inafala dziko lonse.

Ufulu utabwera mu 1964, boma la Dr Kamuzu Banda linalimbikitsa kwambiri ntchito zodzithandiza. Chaka chilichonse kunkakhala Youth Week, sabata yomwe ana a sukulu, a Youth League ndi a Malawi Young Pioneers, pamodzi ndi anthu a m'midzi, ankalambula misewu, kukonza milatho, kuumba njerwa ndi kufolerera okalamba nyumba. Amene anaiona amaikumbukira mosiyana. Ena amaloza makalasi ndi nyumba za aphunzitsi zomwe zaima mpaka lero n'kumati kale anthu ankakonda dziko lawo. Ena amakumbukira kuti kukana kunalibe, chifukwa wokana ankaoneka ngati wogalukira chipani. Onse awiri akunena zomwe anaona.

Anthu atavotera ndale za zipani zambiri pa 14 Juni 1993, n'kusintha boma pa 17 Meyi 1994, Youth Week inatha, ndipo m'misonkhano ya ndale ntchito zaulere zinkayerekezedwa ndi thangata. Ambiri anamva kuti demokalase ndiye kuti palibenso wokugwiritsa ntchito osakupatsa kanthu.

Kusiyana kwake ndi dima kuli pa zomwe zimakuchitikira ukakana. Pa dima umataya thandizo la anzako. Pa ntchito yolamulidwa umakumana ndi mphamvu za boma kapena za mwini malo. N'chifukwa chake mfumu ikagamula kuti wosabwera kumchenga alipira nkhuku, mudzi umagawikana: ena amaona chindapusa cha pachibale chonga cha pamaliro chija, ena amamva fungo la thangata.

Gawo la mudzi ndi mthandizi: ana awiri a MASAF

Mu 1994 momwemo boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa analumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi sanakwane, ana ankaphunzirira pansi pa mitengo. Mu 1995 kunabwera MASAF, thumba la ndalama lothandizidwa ndi World Bank, ndipo ndilo linazika mitundu iwiri ya ntchito yomwe anthu amaisokoneza kwambiri lero.

Woyamba ndi gawo la mudzi. Anthu akapempha buloko ya sukulu kapena nyumba ya mphunzitsi, thumba linkagula simenti, malata ndi matabwa komanso kulipira amisiri, pomwe mudzi unkaumba njerwa, kututa mchenga, kuphwanya miyala ndi kutunga madzi. Zili ngati paukwati, pomwe akuchimuna ndi akuchikazi aliyense amadziwa chobweretsa, ndipo mbali imodzi ikazengereza mwambo wonse umaima. Oyambitsa njirayi ankati chinthu chomwe anthu achikhetsera thukuta amachisamala, komanso ndalama zochepa zimamanga zambiri. Mabungwe omwe si aboma anatengera njira yomweyi. Pa gawo la mudzi malipiro palibe. Phindu lake ndi bulokoyo.

Wachiwiri ndi mthandizi. Pa mthandizi cholinga chenicheni si msewu womwe ukulambulidwawo ayi, koma kuti mabanja osauka amene ali ndi mphamvu zogwirira ntchito apezeko ndalama, makamaka nyengo yogula feteleza kapena miyezi ya njala. Anthu amalembedwa maina, amagwira masiku owerengeka, kapitawo amachonga m'kaundula, kenako amalandira. Malipiro ake amaikidwa otsika mwadala kuti opezako bwino asakopeke nawo. Ntchitoyi yasintha maina kangapo: itachoka ku MASAF inapita ku Local Development Fund, ndipo ya masiku ano, yomwe ambiri amaidziwa kuti M'bwezera Chilengedwe, imalimbana ndi kukumba ngalande zokolola madzi, kutseka zigwembe ndi miyala ndi kufesa mbande za mitengo. Si aliyense amalowamo, ndipo pa kulemba mainapo ndi pomwe pamabadwira madandaulo ambiri akuti mfumu yakondera abale ake.

Ndiye taganizani: m'mudzi umodzi, sabata imodzi, anthu makumi angapo akukumba ngalande kuphiri ndipo alandira, pomwe mudzi wonse ukuitanidwa kukatuta mchenga wa sukulu kwaulere. Pa pepala ndi mapologalamu awiri osiyana zolinga. Kwa munthu amene dzina lake linasiyidwa pa mthandizi, ndi nkhani imodzi: "Zandalama mumalembana nokha, zaulere ndiye mwatikumbukira." Mawu amenewa, kaya ndi oona pamudzipo kaya ayi, ndi amene amapha ntchito za gawo la mudzi kuposa ulesi.

Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama lochokera kuboma, ndi wina. Anayamba moyeserera ku Mchinji mu 2006, ndipo amapita kwa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, pafupifupi 10 mwa 100 alionse. Kumeneko sikugwiridwa ntchito konse.

Palinso china chomwe chasintha gawo la mudzi mwakachetechete. Kuyambira mu 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi za mabungwe, pofuna kupulumutsa mitengo, ndipo aliyense amene waona momwe nkhalango ya Dzalanyama yapululukira sangafunse chifukwa chake. Koma kuumba njerwa ndi kumene kunali gawo lalikulu la mudzi. Tsopano mabuloko a simenti amabwera pa lole ya kontrakitala, mudzi n'kutsala ndi mchenga, madzi ndi miyala. Apa anthu amafunsa funso lomveka: ngati kontrakitala walipidwa ntchito yonse, mchenga womwe tikututawu suli kale mu mtengo wake? Yankho limakhala m'pangano la ntchitoyo, ndipo komiti yoyang'anira ili ndi ufulu wofunsa kuti ilione. Makomiti ambiri saliona.

Odzipereka ndi nkhani ya alawansi

Alangizi azaumoyo, omwe timangowati a HSA, si odzipereka. Ndi ogwira ntchito m'boma, amalandira malipiro pamwezi. Ntchito yawo inayambira kwa otemera nthomba m'zaka za m'ma 1960, kenako othandiza pa mliri wa kolera m'ma 1970. Boma limafuna kuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, koma ambiri amasenza oposa pamenepo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Lilongwe, kupatula mzinda, lili ndi anthu oposa 1.6 miliyoni, kuchuluka kuposa mzinda weniweniwo womwe unali ndi anthu osakwana 1 miliyoni. Mlangizi pa njinga yake sangafike khomo lililonse, ndipo n'chimodzimodzi mlangizi wa zaulimi, mphunzitsi wamkulu kapena wapolisi wa payuniti.

Mpata umenewu amatseka ndi odzipereka. Amayi a care group amayendera makomo a anzawo kuphunzitsa za kadyedwe ka ana. Alezi a kumkombaphala amasamala ana osakwana zaka zoyamba sukulu. A mother group amalondola atsikana osiya sukulu. Alimi otsogola amaonetsa anzawo kupanga manyowa. Apolisi a m'mudzi amalondera usiku pamsika. Onsewa sanalembedwe ntchito, alibe penshoni, ndipo akadwala palibe chomwe amalandira.

Kuti muone kulemera kwake, yang'anani komiti ya pamjigo. Msungichuma amayenda khomo ndi khomo ndi kakope kotolera ndalama ya pamwezi, ena n'kumamuuza kuti abwere akagulitsa soya. Mjigo wa Afridev ukayamba kulemera kapena kutulutsa madzi mochedwa, amakomiti amamasula mutu, kusolola ndodo zachitsulo imodziimodzi n'kuziyala pa miyala kuti zisadetsedwe, mpaka atafika pa kalabala komwe katha. Kalabalako n'kotchipa, koma kukagula kumafuna munthu apalase njinga mpaka patauni yaing'ono yapafupi, tsiku la kumunda n'kutayika. Mapaipi akasweka pansi amaitana makaniko wa m'dera, amene amafuna yake. Ndalama ikaperewera, wotukwanidwa ndi msungichuma yemweyo, amene amamuganizira kuti wadya.

Alawansi poyamba inali kubweza zomwe munthu wawononga, ya thiransipoti ndi ya nkhomaliro. Koma mabungwe sagwirizana pa kaperekedwe. Lina limapereka njinga ndi nsapato za mvula, lina ndalama ya tsiku, lina botolo la zakumwa ndi banzi, lina osapereka kanthu. Kwa mlimi amene ndalama amaiona pokhapokha akakolola, envulopu ya maphunziro a masiku atatu ingapose zomwe angapeze pa ganyu wa sabata zingapo. Zotsatira zake n'zodziwika: anthu omwewo amapezeka m'makomiti asanu, ndipo msonkhano wopanda kanthu umakhala ndi mipando yopanda anthu.

Pa nkhaniyi pali mbali ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi mfundo. Ena amati alawansi yapha mtima wodzipereka, ndipo pulojekiti ikatha ntchito imathera pomwepo. Ena amati n'kupanda chilungamo kuti wa bungwe wobwera pa galimoto, yemwe amalandira malipiro komanso alawansi ya ulendowo, auze mayi wosauka kuti agwire ntchito mwachikondi. Mlezi wa kumkombaphala amene amakhala ndi ana m'mawa uliwonse akugwira ntchito ya uphunzitsi, kaya timutche dzina lanji. Boma linayamba kupatsako kangachepe ena mwa alezi, koma ambiri sakulandira.

Nanga amasankha chitukuko ndani?

Mu 1998 dziko lino linavomereza ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono. Mwa ndondomekoyi, pempho limayenera kuyambira pansi. Midzi ya gulupu mmodzi imasankha komiti yachitukuko, VDC, yomwe imalemba zosowa zake motsatana ndi kufunika kwake. Zimenezi zimapita ku ADC, komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, monga Chadza, Kalolo, Mazengera kapena Khongoni. A ADC amalangizidwa ndi ogwira ntchito zaboma a m'deralo, kenako zofuna zawo zimafika ku khonsolo, komwe akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana pansi pa DC amazisanja mu pulani ya boma lonse kuti makhansala aivomereze. Khonsolo yoyang'anira madera akumidzi a Lilongwe ndi yosiyana ndi khonsolo ya mzinda, ngakhale maofesi onse ali mu tauni. Mamembala a VDC ndi ADC nawonso ndi odzipereka. Mafumu, omwe amalandira mswahara kuchokera kuboma, amayenera kukhala alangizi a makomitiwa osati apampando, koma komiti yomwe yasemphana ndi mfumu siyenda mtunda wautali.

Njirayi inapunduka isanayambe kuyenda bwino. Makhansala oyamba anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. M'zaka zimenezo, mu 2006, ndi momwe munabadwira thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF, ndipo mu 2010 lamulo linasinthidwa kuti aphungu azivota nawo m'khonsolo. Thumbali lakhala likukula: linafika K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, kenako K200 miliyoni mu 2024. Anthu anazolowera kuti wofuna mlatho apite kwa phungu, osati ku VDC.

Mu Meyi 2025, pa mlandu womwe linakasuma bungwe la makhonsolo la MALGA, khothi lalikulu linagamula kuti kuvota kwa aphungu m'khonsolo komanso kuyendetsa kwawo CDF n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, popeza ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza momwe boma likugwiritsira ntchito ndalama. Ogwirizana ndi chigamulochi amati munthu sangagwiritse ntchito ndalama n'kumadzilondoloza yekha. Otsutsa amati phungu ndi amene anthu amamufunsa za mlatho ndi mjigo pa nthawi ya chisankho, choncho sangakhale wongoonerera.

Izi zikukhudza mchenga uja mwachindunji. Buloko ikachokera pa mndandanda womwe anthu analemba okha ku VDC, kuitanira anthu ku gawo la mudzi sikuvuta kwenikweni. Ikangotulukira ndi chikwangwani cha dzina la wandale, kontrakitala wosadziwika ndi mtengo womwe palibe wauona, anthu amati mwini wake amalize yekha.

Mafunso omwe sanayankhidwe

Funso lalikulu ndi la malire. Kodi kudzipereka kumathera pati, ntchito yofunika malipiro n'kuyambira pati? Kusonkhana kamodzi pamwezi ndi kulera ana masiku asanu pa sabata si zofanana, koma onse awiri timawatcha odzipereka. Ndipo ngati boma litati lilipire alezi, amayi a care group ndi ena otero m'dziko lonse, ndalama zake zichokera pati, nanga oyamba kulipidwa akhale ati?

Pali nkhani ya zilango. Mfumu ili ndi mphamvu zotani pa munthu wokana ntchito ya gawo la mudzi? Malamulo a m'mudzi omwe anthu agwirizana pabwalo amalemekezedwa m'madera ambiri, koma chindapusa chikafika poletsa munthu kutunga pamjigo kapena kumuchotsa pa mndandanda wa thandizo, pamakhala pakhudzidwa ufulu womwe malamulo aakulu a dziko amateteza.

Palinso mafunso omwe sakambidwa kawirikawiri. Ntchito zaulere zambiri, kuphika phala, kutunga madzi a amisiri, kusamala odwala, zimagwera amayi, pomwe mipando ya m'makomiti omwe muli maulendo ndi maenvulopu nthawi zambiri imapita kwa abambo. Kodi ichi chikonzedwe ndi malamulo a chiwerengero cha amayi m'makomiti, kapena ndi kugawa ntchitozo mwatsopano? Nanga m'malo ngati Mitundu, Nsaru kapena Lumbadzi, momwe mwadzaza anthu obwera, ochita lendi ndi ochita malonda amene sali pansi pa nyakwawa ya pamalopo mwa chibale, gawo la mudzi limukhudza ndani? Wa golosale amene ana ake amaphunzira pasukulu yomweyo apereke ndalama m'malo mwa mchenga, ndipo ndalamayo asunge ndani?

Ndipo thumba la CDF likamakulirakulira, pomwe ntchito zambiri zikupita kwa makontrakitala, kodi gawo la mudzi lidzakhalabe kututa mchenga, kapena lisanduke kuwerenga matumba a simenti omwe atsika pa lole ndi kufunsa mtengo wa ntchito? Ngati ndi choncho, makomiti a VDC, amene ambiri sanaphunzitsidwepo kuwerenga pangano la kontrakitala, awaphunzitsa ndani, ndipo pa maphunziro amenewo padzakhala alawansi kapena ayi?